Capture card ikumveka pa kompyuta koma sikutulutsa chithunzi: ndiike driver yanji?

Bambo Nakoma, Chitakale

Moni nonse akuluakulu. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Chitakale ndi madera ozungulira, ndipo posachedwapa anthu ayamba kundibweretsera matepi akale a VHS kuti ndiwasamutsire pa fulashi, popeza madeki oonera matepiwo anatha m'nyumba zambiri. Ndinagula ku Limbe kachipangizo kolembedwa kuti EasyCAP, kamene mbali imodzi kali ndi USB, ndipo mbali inayo kali ndi mawaya anayi: wachikasu, woyera, wofiira, ndi wina wakuda wa mutu wozungulira. M'paketi munali ka CD kakang'ono, koma laputopu yanga ilibe polowetsa CD. Ndikalowetsa kachipangizoka kompyuta imalira kusonyeza kuti yamva, koma ndikatsegula pulogalamu yojambulira ya OBS Studio sikakuoneka pa mndandanda wa Video Capture Device. Laputopuyo ili ndi Windows 10 ya 64-bit. Kodi driver yake, kapulogalamu kothandiza Windows kulankhula ndi kachipangizoka, ndingaipeze kuti, nanga choyamba kuika ndi chiti pakati pa driver ndi pulogalamu yojambulira?

Yohane, Luchenza

Bambo Nakoma, njira yachidule ndi kutenga pa intaneti imodzi mwa mapulogalamu amene amasaka okha ma driver onse osowa m'kompyuta n'kuwaika nthawi imodzi. Ine ndimachita zimenezo ndikangomaliza kuika Windows yatsopano. Kapenanso mungolemba dzina lakuti EasyCAP pa Google, mupeza masamba ambiri opereka driver yake.

Mayi Likaya, Thyolo Boma

Achimwene a Yohane, mundikhululukire kuti ndikutsutseni, chifukwa malaputopu ambiri amene amafika pa tebulo langa atadzaza ma vayirasi ndi zotsatsa malonda zongotulukira zokha amakhala kuti anadutsa njira yomweyo. Kuwonjezera apo, pa kachipangizo kamene Bambo Nakoma agula, kusaka ndi dzina kumasocheretsa. EasyCAP si katundu wa kampani imodzi. Mafakitale ambiri amapanga tizipangizo tofanana kunja, pulasitiki yakuda yomweyo ndi dzina lomwelo, koma m'kati muli ma chip osiyana kotheratu, ndipo driver imalembedwera chip, osati dzina la pa paketi. Zili ngati kugula sipeya ya njinga yamoto poyang'ana utoto wa thanki. Ma chip odziwika kwambiri m'tizipangizo timeneti ndi Syntek STK1160, Fushicai UTV007, Empia EM2860 ndi Somagic SMI2021, ndipo tina tatsopano tili ndi chip cha MacroSilicon chimene sichifuna driver yapadera n'komwe.

Choncho Bambo Nakoma, musanaike chilichonse, funsani kachipangizoko kuti kakuuzeni kokha chimene kali nacho m'kati. Kalowetseni, kenaka dinani batani la Start ndi mbali ya kumanja ya mouse n'kusankha Device Manager. Pa mndandanda umene utuluke muona mutu wakuti Other devices, ndipo pansi pake pakhala chinthu chokhala ndi kachizindikiro kachikasu ka ngodya zitatu. Chitseguleni, pitani pa Details, ndipo pa kabokosi kosankhira musankhe Hardware Ids. Mutilembere mzere umene uli ndi VID ndi PID monga momwe walembedwera. Manambala anayi otsatira VID amaimira kampani yopanga chip, ndipo anayi otsatira PID amaimira chipangizocho. Mutiuzenso nambala ya Code imene ili pa tsamba loyamba la General.

Bambo Nakoma, Chitakale

Zikomo mayi, ndatsatira monga mwanenera. Pansi pa Other devices palembedwa usbtv007, mzere wa Hardware Ids ndi USB\VID_1B71&PID_3002, ndipo pa General akunena za Code 28.

Mayi Likaya, Thyolo Boma

Pamenepo nkhani yamveka. 1B71 ndi 3002 ndi Fushicai UTV007, ndipo Code 28 imangotanthauza kuti Windows yachiona chipangizocho koma ilibe driver yake. Kachipangizo kanu ndi kamoyo, ndipo OBS siikukaona chifukwa pulogalamu yojambulira silankhula ndi chip mwachindunji, imadutsira kwa driver. Limeneli ndilo yankho la funso lanu lachiwiri: driver iyambe, pulogalamu itsatire, ngakhale kuti palibe chimene chaonongeka chifukwa chakuti munaika kale OBS.

Ka CD kaja musakataye. Pezani munthu amene ali ndi desikitopu yokhala ndi polowetsa CD, monga m'malo osindikiziramo mapepala pa Chitakale pomwepo kapena pa Boma, mukopere zonse za m'menemo pa fulashi. Mukafika nazo pa laputopu yanu, ine ndimalangiza kuti musadine fayilo ya setup, chifukwa ma CD amenewa nthawi zina amakhala ndi ma driver a ma chip angapo pamodzi, ndipo setup imatha kuika yolakwika pamodzi ndi mapulogalamu akale amene simukuwafuna. M'malo mwake bwererani mu Device Manager, dinani usbtv007 ndi batani la kumanja, sankhani Update driver, kenaka Browse my computer for drivers, mulozere foda imene munakopera, ndipo muonetsetse kuti kabokosi ka Include subfolders n'kochongedwa. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti Windows imawerenga mafayilo a INF mmodzimmodzi, n'kufananitsa VID ndi PID zolembedwa m'menemo ndi za chipangizo chanu, ndipo ikapanda kupeza zogwirizana imakana m'malo moika chinthu cholakwika. Imasankhanso yokha pakati pa driver ya 32-bit ndi ya 64-bit. Zikatheka, chipangizocho chichoka pa Other devices n'kupita pansi pa Sound, video and game controllers, ndipo kawirikawiri dzina lake limasintha n'kukhala OEM Device. Dzina limenelo ndi limene mukasankhe mu OBS mutaitseka n'kuitsegulanso.

Bambo Mulima, Bvumbwe

Pothandiza ena amene ali ndi tizipangizo ta mtundu womwewu, ndiwonjezere manambala amene ndimakumana nawo kawirikawiri. Mukaona 05E1 ndi 0408, chimenecho ndi Syntek STK1160. EB1A ndi 2861 ndi Empia. Zoyamba ndi 1C88 ndi Somagic, chimene chimavuta kuposa zinzake chifukwa chimadikira kuti driver ichipatse firmware, kapulogalamu koyendetsa chip chenichenicho, nthawi iliyonse chikalowetsedwa. Zoyamba ndi 534D ndi MacroSilicon, ndipo zimenezo zimatsatira muyezo wotchedwa UVC, womwewo umene makamera a pa laputopu amatsatira, kotero Windows 10 ndi Windows 11 zimakhala nayo kale driver yake. Munthu wokhala ndi chipangizo cha 534D akamasaka driver pa intaneti akungotha bandulo pachabe.

Bambo Nakoma, Chitakale

Akuluakulu, driver yalowa kudzera njira ya Mayi Likaya, ndipo dzina lakuti OEM Device laoneka mu OBS. Chithunzi cha pa tepi chikutuluka tsopano, koma n'chakuda ndi choyera chokhachokha, m'munsi mwake mwadulidwa, ndipo mawu sakumveka. Tepi yomweyo ndikaionera pa TV mitundu yonse ikuoneka bwinobwino, madiresi a operekeza akwati akuoneka obiriwira monga analili. Kodi driver imeneyi ndi yosakwanira?

Bambo Mulima, Bvumbwe

Driver ili bwino, bambo. Vuto ndi lakuti imabwera itaikidwa pa NTSC, umene ndi muyezo wa kanema wa ku America ndi ku Japan, pamene matepi ojambulidwa kuno ku Malawi, ngakhalenso ochokera ku South Africa ndi ku Britain, ndi a PAL. NTSC ili ndi mizere 480 yooneka ndi zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi, pamene PAL ili ndi mizere 576 ndi zithunzi 25, ndipo njira yonyamulira mitundu ndi yosiyana. Ndicho chifukwa chake mitundu yasowa ndipo m'munsi mwadulidwa. Mu OBS tsegulani Properties za gwero lanu, dinani Configure Video, ndipo pa tsamba la Video Decoder musinthe Video Standard kuchoka pa NTSC kupita pa PAL. Muona mitundu ingapo ya PAL, monga B, G ndi I. Kusiyana kwake kumakhudza kuulutsa pa mlengalenga, kotero pa waya wachikasu uliwonse mwa itatuyo ugwira ntchito. Kenaka pa Resolution/FPS Type musankhe Custom, muike 720x576 ndi zithunzi 25. Batani lina lotchedwa Configure Crossbar ndi losankhira polowera chithunzi: Composite ndi waya wachikasu, ndipo S-Video ndi wakuda uja wa mutu wozungulira, umene madeki ambiri a VHS wamba alibe polumikiza pake.

Pali zinthu ziwiri zimene ojambula ambiri amazilumpha, ndipo zimaonekera kasitomala akafika nayo fulashi kunyumba. Choyamba, chithunzi cha 720x576 chimayenera kuoneka pa muyeso wa 4:3, koma timadontho take si tofanana m'litali ndi m'lifupi monga ta pa kompyuta, kotero mukachisiya momwemo anthu amaoneka owonda pang'ono, ndipo mukachikoka kuti chidzaze sikirini ya 16:9 mkwati amaoneka wonenepa kuposa momwe analili. Pa Settings ndi Video ikani 768x576 pa mabokosi onse awiri, kenaka mutambasule gwerolo kuti lidzaze. Chachiwiri, kanema wa PAL amabwera m'magawo 50 pa sekondi, gawo lililonse lili ndi theka la mizere, ndipo mukapanda kuwalumikiza bwino muona timizere ngati mano m'mphepete mwa chilichonse choyenda, makamaka manja a anthu pa perekaniperekani. Dinani gwerolo ndi batani la kumanja, pitani pa Deinterlacing, sankhani Yadif 2x, ndipo zithunzi zotuluka muziike pa 50. Mukaona kuti kayendedwe kakunjenjemera, sinthani pakati pa Top Field First ndi Bottom Field First.

Za mawu, yambani mwaona ngati waya woyera ndi wofiira alowa pa Audio Out ya deki osati pa Audio In, popeza mabowo ake amafanana ndipo zolemba zake zimakhala zitafufutika. Kenaka mu Properties momwemo chongani Use custom audio device n'kusankha dzina la kachipangizoko ngati likuoneka. Likapanda kuoneka, tengani mawu kuchoka ku deki kupita ku sound card ya USB yokhala ndi Line In, musawalowetse pa bowo la maikolofoni chifukwa amasweka.

Yohane, Luchenza

Ndikufuna kufunsa pa nkhani ya driver yomweyi. Mnzanga wina kuno ali ndi kachipangizo kangati kameneka pa laputopu ya Windows 11, ndipo driver inalowa koma Device Manager ikuonetsa Code 39, ndiponso Windows inatulutsa uthenga wakuti driver singathe kutseguka pa kompyuta imeneyi. Ine ndinamuuza kuti azimitse Memory integrity ndipo kanayamba kugwira ntchito. Kodi pali choipa pamenepo?

Mayi Likaya, Thyolo Boma

Chimene munachitacho chimagwiradi ntchito, achimwene, koma mnzanuyo adziwe chimene wapereka posinthana nacho. Memory integrity, imene imapezeka mu Windows Security pansi pa Device security ndi Core isolation, imaletsa ma driver olembedwa mwachikale kulowa m'kati mwenimweni mwa Windows, chifukwa driver ikalowa m'menemo imakhala ndi mphamvu pa chilichonse. Ma driver a tizipangizo timeneti ndi a m'nthawi ya Windows 7, ndipo palibe amene akuwakonzanso. Mukazimitsa chitetezocho simwatsegulira driver imodzi yokhayo, mwatsegulira ina iliyonse yofooka. Ngati laputopuyo ndi imene amalowera ku banki kapena kusungirapo ntchito za makasitomala, ine sindingavomereze. Code 52 ndi nkhani ina yoyandikana nayo: imatanthauza kuti Windows yalephera kutsimikiza siginecha ya driver, ndipo malangizo a pa intaneti amauza anthu kuti azimitse kufufuza siginecha. Kumeneko ndiko kutsegula chitseko kwambiri kuposa poyamba paja, makamaka ngati driver yachokera pa tsamba losadziwika.

Maganizo anga ndi akuti ntchito ya matepi ipatsidwe kompyuta yakeyake yakale, yosalumikizidwa pa intaneti. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020 ndipo Windows 10 inafika pamapeto pa 14 Okotobala 2025, kotero madesikitopu akale akupezeka otsika mtengo, ndipo pa ntchito yojambula 720x576 ndi okwanira. Mungokumbukira kuti OBS kuyambira pa 28, imene inatuluka mu 2022, siilowa pa Windows 7, Windows 8 kapena Windows iliyonse ya 32-bit, ndipo pa makompyuta amenewo muyenera kuika 27.2.4.

Bambo Mulima, Bvumbwe

Njira ina imene Mayi Likaya sanaitchule ndi Linux, imene imaikidwa pa kompyuta m'malo mwa Windows. Pa Ubuntu kapena Linux Mint ma driver a UTV007, STK1160 ndi Empia ali kale m'kati mwa kernel, mtima wa Linux, kotero mumangolowetsa kachipangizo n'kutsegula OBS kapena VLC, popanda CD ndiponso popanda kuzimitsa chitetezo chilichonse. Lamulo la lsusb limakuonetsani manambala omwe aja a VID ndi PID. Somagic yokha ndi imene imafuna ntchito yowonjezera.

Ndinenenso kuti ine pa matepi ofunika kwambiri sindigwiritsa ntchito OBS. OBS inapangidwira kuulutsa, ndipo imapanikiza chithunzi nthawi yomweyo pojambula. Pulogalamu ya VirtualDub imalola kusunga magawo onse 50 osakhudzidwa pogwiritsa ntchito Huffyuv kapena Lagarith, njira zochepetsa fayilo popanda kutaya kanthu pa chithunzi, ndipo mumadzakonza pambuyo modekha. Tepi ya chinkhoswe cha agogo imene yatsala imodzi yokha m'banja lonse ndi yoyenera kuisamala chotero, chifukwa mwina singadzazungulirenso kachiwiri.

Mayi Likaya, Thyolo Boma

Bambo Mulima akunena zoona pa za ubwino wa chithunzi, koma tiwerengere limodzi. Chithunzi chimodzi cha 720x576 chosapanikizidwa chimatenga mabayiti awiri pa kadontho kalikonse, ndipo mukachulukitsa ndi 25 mupeza pafupifupi 21 MB pa sekondi, kutanthauza 75 GB pa ola. Huffyuv ikachepetsa, mumatsalabe ndi magigabayiti makumi angapo pa ola limodzi, pamene tepi ya E-180 ndi ya maola atatu. Kasitomala wa Bambo Nakoma akufuna fulashi yoti akalowetse kumbuyo kwa TV, achibale asonkhane aonere. Kwa ameneyo kupanikiza kwa H.264 pa 5,000 kbps n'kokwanira, ndipo kumatenga pafupifupi 2.3 GB pa ola. Ngakhale pamenepo pali msampha: mafulashi ambiri amabwera ali pa FAT32, imene silola fayilo imodzi kupitirira 4 GB, kotero tepi ya maola atatu imakana kukopedwa ngakhale fulashi ili ndi malo ambiri. Muigawe pawiri, kapena musinthe fulashi kukhala NTFS kapena exFAT, koma mufunse kaye mtundu wa TV ya kasitomala chifukwa si zonse zimene zimawerenga exFAT.

Chinthu chimene ndikuchiona chofunika kuposa mkangano wa mapulogalamuwu ndi mtundu wa fayilo pojambula. Pa Settings ndi Output musankhe MKV, osati MP4 wamba. MP4 imalemba mndandanda wa zamkati mwake pamapeto penipeni, ndipo magetsi akathima tepi ili pakati, kapena kompyuta ikauma, fayilo yonse imakana kutseguka. MKV imasunga zonse zimene zajambulidwa kufika pa sekondi imene magetsi anathima. Mukamaliza, pa File pali Remux Recordings, imene imasintha MKV kukhala MP4 m'kanthawi kochepa popanda kuchepetsa ubwino wa chithunzi.

Bambo Nakoma, Chitakale

Mitundu yabwera nditasintha kupita pa PAL, ndipo mawu akumveka. Koma nditaika tepi yachiwiri, imene mwini wake ndi wa ku Likhubula, chithunzi chinayamba bwino kenaka chinasanduka mchenga wokhawokha, ndipo tsopano ngakhale tepi yoyamba ija ikuonetsa mchenga womwewo pamene mawu akumveka bwino. Ndikuganiza zochotsa driver n'kuikanso.

Bambo Mulima, Bvumbwe

Musaikhudze driver, bambo. Chotsani waya wachikasu ku kachipangizo muulowetse pa TV, ndipo ndikukhulupirira kuti mchengawo muuonanso pamenepo, kusonyeza kuti vuto lili mu deki. Tengani tepi ya ku Likhubula ija, muyang'ane pa kawindo kake koonekera m'kati: mukaona timadontho toyera kapena ufa wotuwa pamwamba pa mpukutu wa tepi, chimenecho ndi chuku. Kuno kwathu, ndi mvula ya kuphiri kuno komanso chinyezi cha chiperoni, matepi okhala zaka zambiri m'sutikesi pansi pa bedi kawirikawiri amakhala atachita chuku, ndipo chimamatirira pa timitu towerengera chithunzi. Mawu amapitirira kumveka chifukwa a mzere wamba amawerengedwa ndi mutu wina wosazungulira.

Zimitsani deki, muzule ku magetsi, mutsegule chivundikiro. Muona ng'oma yachitsulo yonyezimira yopendekeka pang'ono, ndipo pa mpata wa pakati pa gawo lake la pamwamba ndi la pansi pali timitu tating'ono kwambiri. Nyowetsani kapepala koyera ndi isopropyl alcohol, mukagunditse pang'ono pa ng'omayo chala chili chiimire, ndipo ndi dzanja linalo muzungulitse gawo la pamwamba pang'onopang'ono. Pa pepalapo patsala timizere takuda. Musapukute chokweza ndi chotsitsa, ndipo musagwiritse ntchito thonje, chifukwa ulusi wake umakola timituto n'kutithyola, ndipo sipeya yake masiku ano ndi deki ina yathunthu. Mudikire kuti paume musanaikemo tepi. Tepi ya chuku muiike padera mpaka itatsukidwa, isayandikane ndi zinzake.

Esinati, Limbuli

Moni makolo anga. Ine funso langa ndi la capture card ya HDMI, osati ya matepi. Ku mpingo kwathu timafuna kuulutsa mapemphero pa Facebook kuti abale athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Milange azitsatira. Tili ndi kamera ya vidiyo ndi kachipangizo kakang'ono kolembedwa kuti 4K ndi USB 3.0. Nditawerenga zimene Mayi Likaya analemba ndinaona manambala ake, ndipo ndi 534D ndi 2109. Mu Device Manager mulibe chizindikiro chachikasu, dzina lake ndi USB Video, koma mu OBS nthawi zina sikirini imakhala yakuda, ndipo chithunzi chikabwera chimayenda modukizadukiza kwambiri.

Mayi Likaya, Thyolo Boma

Achemwali, chimenecho ndi MacroSilicon MS2109, ndipo monga Bambo Mulima ananenera, sichifuna driver iliyonse yochokera kunja. Zolemba za pa paketi muzimve motere: 4K ikutanthauza kuti kachipangizoko kangalandire chithunzi cha 4K kuchokera ku kamera, koma chimene kamapereka ku kompyuta sichipitirira 1920x1080 pa zithunzi 30. Ndipo chip chimenechi ndi cha USB 2.0 ngakhale pulasitiki ya m'kati mwa pulagi ikhale yabuluu. USB 2.0 imanyamula 480 Mbps pa muyezo wake, pamene chithunzi cha 1080 chosapanikizidwa pa zithunzi 30 chimafuna pafupifupi 1,000 Mbps. Ndicho chifukwa chake mukasiya Video Format pa YUY2, imene ndi yosapanikizidwa, kachipangizoko kamatsika kufika pa zithunzi 5 pa sekondi, kumene kuli kudukiza mukukuonako. Mu Properties sankhani Custom, muike kukula kwa chithunzi, ndipo pa Video Format musankhe MJPEG, imene imapanikiza chithunzi. Amene akufuna 1080 pa zithunzi 60 chosapanikizidwa ayenera kupeza chip cha MS2130, chimene manambala ake ndi 345F ndi 2130, kapena zipangizo za Elgato, AVerMedia kapena Blackmagic. Pa zimenezo muziyamba mwaona pa tsamba la kampaniyo, chifukwa Elgato Cam Link 4K ndi ya UVC pamene makadi a Blackmagic DeckLink olowa m'kati mwa desikitopu sagwira ntchito popanda pulogalamu yawo ya Desktop Video.

Kuda kwa sikirini kuli ndi zifukwa zingapo. Windows imaona kachipangizoka ngati kamera, kotero pa Settings, Privacy, Camera payenera kukhala pololedwa kuti mapulogalamu a pa desikitopu agwiritse ntchito kamera, ndipo chimodzimodzi pa Microphone. Ngati Zoom, pulogalamu ya Camera kapena tsamba la Facebook Live latsegula kale kachipangizoko, OBS imapeza katagwidwa ndipo imaonetsa mdima. Muyang'anenso kamera yeniyeniyo, chifukwa ambiri amadzizimitsa okha pakapita mphindi zingapo osajambula, ndipo pulagi ya mini HDMI kapena micro HDMI imagwedera msanga munthu akakhudza thirayipodi. Muumangirire waya ku mwendo wa thirayipodi kuti kulemera kwake kusakoke pulagi. Pa menyu ya kamera muzimitsenso zolemba za pa sikirini, kuti chizindikiro cha batire chisaulutsidwe pamodzi ndi mlaliki, ndipo muiike pa zithunzi 25 kapena 50, popeza magetsi a ku Malawi ndi a 50 Hz ndipo kamera ya pa 30 kapena 60 imaonetsa kuphethira pansi pa mababu ena.

Poulutsa, ine ndingakulangizeni 1280x720 pa 2,500 kbps. Zimenezo zimadya pafupifupi 1.1 GB pa ola kuphatikizapo pang'ono pa mawu, ndipo netiweki ya foni imakwanitsa mosavuta kusiyana ndi 1080. Ngati laputopu ili ndi purosesa ya Intel Core yosakalamba kwambiri, pa Encoder musankhe QuickSync m'malo mwa x264, ndipo ikapanda kuoneka pa mndandanda, driver yofunika kuikonza ndi ya zithunzi ya Intel, osati ya capture card.

Yohane, Luchenza

Kodi kachipangizo kotere kangajambule mpira kuchokera pa dikoda? Ndinayesa pa kadi ya Elgato ya mnzanga ndipo inangoonetsa mdima.

Bambo Mulima, Bvumbwe

Kumeneko si kulephera kwa driver, achimwene. Madikoda amatseka chithunzi chotuluka pa HDMI ndi chitetezo chotchedwa HDCP, ndipo makadi a makampani odziwika amakana mwadala kujambula chithunzi chotetezedwa. Palibe driver imene mungaike yosintha zimenezo, ndiponso kuulutsa mpira wa eni ake popanda chilolezo ndi mlandu wa umwini wa ntchito, choncho nkhaniyo tiisiye pamenepo.

Esinati, Limbuli

Mayi, MJPEG yathetsa kudukiza. Tatsala ndi mawu. Tikatenga mawu kudzera pa kamera akumveka patali ndiponso mwaphokoso la m'tchalitchi, ndipo tikatenga kuchokera ku mikisa kupita ku laputopu akumveka bwino koma pali kulira kwa mmmm kosalekeza, komanso mawu akufika pakamwa pa wolankhula pasanatseguke.

Bambo Mulima, Bvumbwe

Achemwali, yesani kuzula chaja cha laputopu mawu akumveka. Kulirako kukatha nthawi yomweyo, ndiye kuti kukuchokera ku magetsi, chifukwa mikisa ndi laputopu zalumikizana m'njira ziwiri, ya waya wa mawu ndi ya ku soketi. Poyamba yesani kuika mikisa, laputopu ndi kamera pa ekisitenshoni imodzi. Zikakanika, pamafunika kachipangizo kothetsa kulira kotereku, DI box kapena ground loop isolator, pakati pa mikisa ndi laputopu. Musadule phini lachitatu la pulagi monga ena amachitira, chifukwa ndilo loteteza woimba wogwira maikolofoni kuti asagwidwe ndi magetsi.

Kutsogola kwa mawu n'kwachibadwa, popeza chithunzi chimachedwa m'kamera ndi m'kachipangizo pamene mawu a ku mikisa akufika mwachindunji. Muimike munthu kutsogolo kwa kamera ali ndi maikolofoni pafupi, aombe m'manja kamodzi mwamphamvu uku mukujambula, kenaka mutsegule fayiloyo mu pulogalamu yodulira vidiyo, muwerenge zithunzi zimene zili pakati pa pamene phokoso laonekera pa mzere wa mawu ndi pamene manja akumana. Pa zithunzi 25 pa sekondi chithunzi chimodzi ndi 40 ms, kotero mukawerenga zinayi ndiye 160 ms. Nambala imeneyo muilembe pa Sync Offset ya gwero la mikisa mu Advanced Audio Properties, ndipo mawu a pa HDMI ya kamera muwatseke kuti asamveke kawiri. Mukadzasintha kamera kapena kukula kwa chithunzi muyezenso, chifukwa kuchedwako kumasintha.